Amalume Atiyendetsa Matchalitchi a ku Mombasa

Zinali nsapato zoyera zapulasitiki, za kalamba kodutsa pamwamba pa phazi ndi kabatani kumbali. Amayi anandigulira pamsika wa ku Umoja, kwa mayi wina amene ankayala katundu wake pansi pafupi ndi pokwerera maminibasi amene kumeneko amati matatu. Zinandithina tsiku lomwelo, koma amayi anati pulasitiki amatamuka akamva kutentha, ndipo kumene tikupita kutentha sikusowa. Kutentha tinakupezadi, koma nsapato sizinatamuke. Ndinazivala masiku atatu otsatizana, pamodzi ndi diresi langa la Lamulungu, m'misewu ya ku Mombasa. Mpaka lero kuseri kwa chidendene changa chakumanzere kuli kachipsera kakuda.

Ndinali ndi zaka khumi. Tinkakhala ku Umoja, mu Nairobi, m'nyumba ya zipinda ziwiri pamwamba pa kagolosale. Bambo ankagwira ntchito kubungwe lina lokumba zitsime, ndipo chaka cham'mbuyo mwake anali atawatumiza ku ofesi ya ku Mombasa. Poyamba ankabwera mwezi ndi mwezi, atanyamula kokonati ndi nsomba zouma zonunkhitsa nyumba yonse. Kenako anayamba kudumpha miyezi. Pomaliza tinkangowamvera pa lamya ya m'golosale, mwini wake akakuwa pansi pa masitepe kuti, "Mama Malawi, simu!" Amayi ankatsika akupukuta manja pachitenje, n'kubwerako pasanathe mphindi zitatu.

Potsekera sukulu mwezi wa Ogasiti, aphunzitsi anatipatsa ntchito yolemba chimangirizo cha zimene tione patchuthi. Anachenjeza kuti safuna kuwerenga zoti tinadzuka, tinadya, tinagona. Anzanga onse anali ndi kwa agogo kopita, ena ku Nyeri, ena ku Kisumu. Ine kwathu kunali kutali, ndipo tchuthi chilichonse ndinkachithera pakhonde kuwerenga matatu odutsa. Choncho amayi atandiuza kuti tikupita ku Mombasa kukaona matchalitchi akalekale omangidwa nthawi ya azungu, ndinaona ngati Mulungu wasiya ntchito zina zonse n'kuyankha ine. Ndinasongola mapensulo awiri, kope latsopano n'kulikuta ndi nyuzipepala.

Chimene ine sindinkadziwa ndikuuzeni panopa, kuti musayende mumdima monga ndinayendera ine. Amayi ndi bambo anakwatirana mwa chinkhoswe, kwathu ku Dedza. Akuchimuna anapereka tambala, akuchikazi anapereka msoti, ankhoswe analangiza, anthu anavina mpaka fumbi koboo. Kwathu umenewo ndi ukwati wathunthu, palibe angautsutse. Koma pepala panalibe. Zokadalitsa ukwati kutchalitchi bambo ankangoti tidzachita tikakhazikika, ndipo kukhazikikako sikunafike. Amayi, Mkatolika wa kolona m'khosi, anakhala zaka khumi ndi chimodzi osalandira Ukalistia. Lamulungu lililonse anzawo akamandanda kupita kuguwa, iwo ankangopinda miyendo kuti anthu adutse.

Ndiye masiku amenewo mayi wina wa m'gulu la Amalawi, limene linkakumana kamodzi pamwezi ku Kahawa, anawakokera amayi pambali. Anati dzina la bambo lamveka likulengezedwa m'tchalitchi china ku Mombasa, kuti akukwatira mkazi wa kumeneko, ndipo ukwati wake ndi Loweruka likudzalo. Dzina la tchalitchicho sankalidziwa, ngakhale mpingo wake. Anangomva kuti n'chakale, cha nthawi ya azungu. Lamulo la matchalitchi amayi ankalidziwa bwino. Amalengeza masabata atatu, kuti wodziwa chifukwa choletsa ukwatiwo abwere adzanene tsiku lisanafike. Likadutsa, ladutsa. Ndipo chilolezo chathu chokhalira m'dziko la eni chinali chomangirira pa dzina la bambo. Amayi anaika m'kachikwama zinthu ziwiri, chithunzi cha chinkhoswe ndi kadi langa la ubatizo. Umboni wachitatu ndinali ine, chifukwa chipumi ichi ndi mpata wa mano uwu n'za bambo, aliyense akhoza kuona. N'chifukwa chake ankandiveka za Lamulungu pakati pa sabata.

Wotiperekeza anali amalume, mlongo wawo wa amayi, wamng'ono kwa iwo ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Pachithunzi cha chinkhoswe chija ndi iwo agwira msoti, mnyamata woonda wa jekete lobwereka, chifukwa ndiwo anali nkhoswe wamng'ono. Nkhoswe wamkulu anali atamwalira, choncho ukwati wonse unatsala m'manja mwa iwowa. Amayi ndiwo anawabereka kumbuyo ali khanda, ndiwonso anachonderera bambo kuti awaitanitse ku Nairobi n'kuwapezera ntchito ya ukalaliki kubungwe komweko. Ine ndinkawakonda kuposa munthu wina aliyense. Ankalankhula ngati anameza wailesi, Chichewa, Chingerezi, Chiswahili, zonse mosapunthwa, ndipo ankanditchula kuti apulofesa. Amayi Chiswahili chawo chinali cha pamsika basi, chofunsira mtengo wa ndiwo ndi kutsikira m'matatu. Anawadalira amalume monga munthu amadalira dzanja lake.

Zopita ku ofesi ya bambo amalume analetsa. Anati tikakachita phokoso kumeneko ntchito itha, tonse tikwera basi ya kwathu, ndipo nyumba imene bambo akukhala iwo sakuidziwa. Njira yabwino, anatero, ndi kupeza tchalitchicho mwakachetechete, kuonana ndi abusa ake, nkhani n'kutha mwaulemu. Amayi anavomera. Tinanyamuka Lachiwiri m'mawa, Nairobi kukuzizira, ine nditavala juzi. Titadutsa ku Voi juzi inali m'thumba, mpando wa basi ukumata m'ntchafu. Tinafikira panyumba ya alendo pafupi ndi msika, m'chipinda cha fani yolira ngati ili ndi chifuwa. Mpweya wa kumeneko unali wonyowa, wonunkha mchere ndi nsomba ndi mafuta okazingira.

Lachitatu tinayamba ulendo wathu, wapansi, chifukwa amalume anati tauni imeneyi munthu wokwera galimoto saidziwa. Choyamba chinali tchalitchi cha mpingo wathu, chachikulu, cha nsanja ziwiri, makoma ake a miyala ya m'nyanja yokhala ndi timabowo. Mkati munali mozizira, monunkha makandulo. Amayi anagwada nthawi yaitali, kenako anapita pa bolodi la zilengezo n'kuwerenga okha pepala lililonse, chala chikutsata mizere. Ine ndinali kalikiliki kuwerenga mawindo a magalasi amitundumitundu n'kumalemba m'kope. Amayi anachoka pa bolodi paja ali ndi nkhope yosasonyeza kanthu, anayatsa kandulo imodzi, tinatuluka.

Chachiwiri chinali cha mpingo wina, choyera mbee, denga lake lozungulira ngati mphika wovundikira, moti ine ndinayamba ndatsutsa kuti umenewu ndi mzikiti. Dzuwa linali litakwera. Pabwalo panali mtengo wa nimu wa benchi pansi pake, ndipo amalume anati, "Achemwali, khalani pamthunzi apa. Anthu a mpingo uwu ngovuta, ndikalankhule ndine." Amayi sankamasuka kulowa m'tchalitchi cha eni, komanso mapazi anali atayamba kale kuwavuta. Anakhala pansi. Anangouza amalume kuti atenge mwanayu kuti abusa akamuone, n'kundikonza kolala ya diresi.

Pakhonde la tchalitchicho panali malata amkuwa okhomedwa kukhoma, olembedwa maina a azungu amene anafera kunyanja kuno ndi malungo, ena asanakwanitse zaka makumi atatu. Ndinakopera atatu m'kope, ndikudzimva kuti chimangirizo changa chidzagwetsa kalasi yonse. Kenako ndinafika pa bolodi la galasi. Pakati pake panali pepala lotaipidwa, ndipo pamenepo panali dzina la bambo anga, maina onse atatu, osalakwika ngakhale chilembo chimodzi. M'munsi mwake munali dzina la mkazi, ndi tsiku la Loweruka. Mawu ena onse anali Chingerezi cholemera cha m'tchalitchi chimene kusukulu tinali tisanafikepo. Ndinakopera zimenezonso, chifukwa tsiku limenelo ndinkakopera chilichonse, kenako ndinathamangira amalume amene ankacheza ndi mlonda pakhomo.

Anabwera, anayang'ana, ndipo sanadabwe. Izi ndinazizindikira nditakula. Munthu woona chinthu koyamba amasendera pafupi, amawerenga kawiri. Iwo anangoponya diso, n'kuima pakati pa ine ndi bolodi, n'kunyonyomala kuti tifanane msinkhu.

"Wapeza chinsinsi, apulofesa," anatero motsitsa mawu. "Awa ndi maina a anthu amene athandiza kukonza denga la tchalitchi chino. Loweruka awathokoza. Koma amayi ako ukuwadziwa. Akangomva kuti bambo ako akukonza denga la mpingo wina, kunyumba kuyaka moto. Ukufuna ayambane?"

Ndinapukusa mutu. Chaka chimenecho palibe chimene ndinkaopa kuposa chimenecho.

"Ndiye pakamwa tseka. Iwe ndi ine basi."

Ndinakweza maso n'kuyang'ana dengalo, mtima wodzaza ndi kunyada kuti bambo anga ndi munthu wofolera nyumba za Mulungu. Ku ofesi ya abusa sitinapiteko n'komwe. Pageti amalume anandigulira malambe onyika m'shuga wofiira, amene kumeneko amati mabuyu. Amayi atationa anaimirira, kachikwama atakagwira ndi manja awiri pachifuwa. Amalume anapukusa mutu tikadali patali. "Kuno kulibe, achemwali." Ndinafunsa kuti kulibe chiyani, amayi anati ndidye malambe angawo.

Tchalitchi chachiwiri, tsiku loyamba, nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Amayi anali atakhala mtunda woponya mwala kuchokera pa pepala limene anadzera ulendo wonsewo. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, koma amayi chitseko anatuma mlongo wawo, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa nkhoswe ntchito yake ndi imeneyo. Ine ndinkayenda patsogolo pawo lilime lili psuu, ndikudzimva kuti banja lonse ndalinyamula ndekha pamutu ndipo sindiligwetsa. Ndikakumbukira zimenezi mkwiyo umandigwirabe. Munthu anatenga chikondi cha mwana n'kutsekera nacho pakamwa pa mwanayo.

Lachinayi amalume anatilowetsa m'tauni yakale. Anati kuti tifike pa katchalitchi kena tiyenera kudutsa mmenemo. Timisewu take n'topapatiza moti wokankha ngolo akamabwera mumachita kumata kukhoma. Pamwamba pa mitu yathu panali makonde amatabwa otsamirana, zovala zitayanikidwa, amayi ovala zakuda akusuzumira. Zitseko zinali zikuluzikulu, zogoba maluwa, za misomali yamkuwa yosongoka. Pakona iliyonse panali amphaka, ndi fungo la khofi wa zokometsera amene madala ankamwa m'timakapu tochepa ngati zitsekero za mabotolo. Amalume anali ndi nkhani pa chitseko chilichonse. Anatiimika pa linga lalikulu la Apwitikizi, makoma ake ofiirira ong'ambika, mizinga yadzimbiri italoza kunyanja, n'kufotokoza za nkhondo ngati iwo analipo. Ine ndinkalemba mpaka pensulo kufupika. Amayi ankangoyang'ana dzuwa n'kumafunsa ngati tatsala pang'ono.

Ndinabwererako ndili wamkulu, ndekha, n'kuyenda njira yomweyo. Mtunda umene tinathera m'mawa wonse ndi wa mphindi khumi ndi zisanu. Komanso m'tauni yakale muja mwadzaza mizikiti, ndipo aliyense wa kumeneko akanatiuza kuti ofuna matchalitchi alibe chochita mmenemo. Anatizunguliza dala, ngati mbuzi pachikhomo, kuti dzuwa lilowe. Tsiku limenelo tinaona timatchalitchi tiwiri tokha, ndipo konseko amayi anatsala panja pamthunzi. Matuza a kuzidendene zanga anaphulika masana, sokosi n'kumatirira pabala. Amayi mapazi anatupa mpaka anavula nsapato n'kuzinyamula m'manja, mzimayi wa ulemu wake, kuyenda chosavala pa phula lotentha m'tauni ya eni. Amalume anatigulira madzi a kokonati, n'kumatilimbitsa mtima kuti mawa tipeza.

Lachisanu tinaoloka mlatho kupita kutsidya, kumene kuli tchalitchi chimene anamanga akapolo omasulidwa. Pafupi ndi msewu pali belu lakale, limene amati linkalira pochenjeza anthu kuti ogula akapolo akuyandikira. Pabwalo panali mkulu wina wa imvi mutu wonse, akusesa masamba. Atatimva tikulankhula anasiya tsache n'kufunsa ngati ndife Wanyasa. Anati agogo ake aakazi anachokera kwathu kuja, anatsitsidwa m'ngalawa ya ogula anthu ali kamtsikana, n'kuleredwa ndi amishoni pamalo pomwepo. Mawu a kwathu anatsala nawo atatu okha, ndipo anawatchula pang'onopang'ono, limodzilimodzi: madzi, moto, amayi. Amayi anga anamugwira dzanja ndi manja awiri, misozi ikulengeza m'maso.

Apa ndi pamene ndinamva ndi makutu anga mmene amalume ankagwirira ntchito yawo. Ine Chiswahili ndinkachimva bwino kuposa iwo, ndinali mwana wa ku Umoja. Amayi anawauza kuti afunse nkhani ija. Amalume anatembenukira kwa mkuluyo n'kufunsa kuti belu lija linapachikidwa chaka chanji. Mkuluyo anapukusa mutu kuti chaka chenichenicho sakuchidziwa. Amalume anatembenukira kwa amayi n'kunena kuti kunonso kulibe. Ndinamva zonsezo, koma sindinkadziwa chimene chinkayenera kufunsidwa, choncho ndinangoti ndi mmene akuluakulu amalankhulira.

Tisanatsanzike mkulu uja anawonjezera kuti agogo akewo sanagwidwe pankhondo ayi. Anaperekedwa ndi malume wawo chaka cha njala, posinthana ndi nsalu. Amayi anafunsa kuti akuti chiyani. Amalume anati akuti anagwidwa akutunga madzi kudambo. Ine, apulofesa, ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze, koma anandifinya dzanja n'kuseka, n'kunena kuti mwanayu dzuwa lamulowa m'mutu.

Madzulo ake amayi anakhala pabedi mapazi ali m'beseni la madzi amchere. Anati mwina mayi wa ku Kahawa uja ananama, anthu amadana ndi mabanja a anzawo. Ndinawaona akumwetulira koyamba chichokereni ku Nairobi. Amalume anavomereza kuti pakamwa pa anthu sipatsekeka. Anati chatsala ndi tchalitchi chimodzi chokha, chakale kuposa onse, kumapiri kutali ndi tauni, ndipo ndi mapazi otere amayi sangafikeko. Apita okha m'mawa kuti mtima ukhale m'malo.

Loweruka amayi anadzuka m'mamawa n'kukabwereka simbi yamakala kwa mwini nyumba ya alendo. Anati nkhoswe sangakaonekere kwa abusa ndi malaya amakwinya. Anayala bulangete pansi, anagwada, n'kusita malaya oyera a amalume, kolala, manja, kumsana, akuuzira makala kuti phulusa lisagwere pansalu. Anasitanso buluku ndi tayi. Amalume atavala, amayi anawakonza kolala monga ankandikonzera ine, n'kuwauza kuti ayende ndi Mulungu.

Chithunzi cha tsiku limenelo ndinachiona patapita zaka zambiri, pamaliro a bambo, chitapachikidwa pabalaza m'nyumba ya mkazi uja. Kumbuyo kukuoneka denga lozungulira lija. Amalume aima kudzanja lamanja la mkwati, duwa pachifuwa, malaya opanda khwinya ngakhale limodzi. Ndiwo anaimira akuchimuna. Anadzitchula kuti mng'ono wa mkwati wochokera ku Malawi, ndipo masabata angapo m'mbuyomo ndiwo anatsimikizira abusa kuti munthuyu kwawo sanasiye mkazi. Nditawafunsa amalumewo, atakalamba, anati ankateteza mlongo wawo ku manyazi, komanso ntchito yawo inali m'manja mwa alamu awo. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Ine ndinaona likuola.

Loweruka lija amalume anabwerako dzuwa litapendeka, atanyamula jumbo la mpunga wa pilau ndi nyama ya mbuzi, ndi kachidutswa ka keke m'kapepala. Anati kumapiri kuja anapeza phwando la kwaya, anthu ake ndi ochereza, ndipo kumenekonso kulibe. Amayi anapuma mpweya wautali. Masiku onsewo ankangolawa chakudya n'kusiya, koma madzulo amenewo anasamba m'manja, anayala nyuzipepala pabedi, n'kupemphera kuthokoza manja amene anakonza chakudyacho. Anadya mpaka kunyambita zala. Keke anandipatsa ine, ndipo inali yokoma, ya shuga woyera pamwamba. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma tsikulo tinadya tonse.

Lamulungu tinakwera basi yobwerera. Ine ndinali pawindo, amayi pambali panga, amalume mpando wa kutsogolo kwathu. Njira yonse ndinkalemba chimangirizo changa pabondo, zilembo zikudumpha ndi mabampu. Za denga ndinazilembamo, ndime yathunthu, chifukwa ndinkafuna kuti aphunzitsi adziwe kuti bambo anga ndi munthu wotani. Basi inaima pa Mtito Andei kuti anthu adye, amalume n'kutsika kukagula tchipisi. Amayi anali osangalala. Anandigwira paphewa n'kunena kuti apulofesa atiwerengere zimene alemba, koma m'Chichewa.

Ndinawerenga za nsanja ziwiri, za azungu ofa ndi malungo. Nditafika pa ndime ija ndinakakamira. Kenako ndinaganiza kuti Loweruka ladutsa, bambo awathokoza kale, amayi akuseka, chinsinsi chatha ntchito. Ndinawerenga yonse.

Dzanja la amayi linachoka paphewa panga.

"Dzina lawo unaliona iwe, ndi maso ako?"

"Maina onse atatu, amayi. Koma musakwiye, anangothandiza denga basi."

"Panali dzina lina?"

Ndinatsegula tsamba limene ndinakopera n'kuwaonetsa. Anawerenga ndi chala, dzina la bambo, dzina la mkazi, tsiku la dzulo lake. Anafunsa kuti ndi tchalitchi chiti. Ndinati cha denga lozungulira chija, pamene munakhala pansi pa nimu.

"Lachitatu," anatero, osati kwa ine. Kenako anafunsa ngati amalume anaona.

"Ndiwo anati ndisanene, kuti mungayambane ndi bambo."

Amayi anatseka kope mosamala n'kuliika pamiyendo panga. Sanalire, sanandikalipire. Anayang'ana pawindo, pamene amalume ankadutsa pakati pa mabasi atanyamula mapepala atatu a tchipisi, akutikweezera m'mwamba kuti tione. Analowa akuseka, akunena za mzere umene anaupeza, n'kutambasula dzanja kwa amayi.

"Takhuta, achimwene," anatero amayi mwaulemu, ngati akulankhula ndi mlendo. "Mpunga wa dzulo uja ukadali m'mimba. Mukawauze alamu anu kuti phwando lawo tinadya nawo, ine ndi mwana wawo."

Amalume anaima chomwecho, mafuta a tchipisi akudontha papepala. Sanayang'ane amayi. Anayang'ana ine, ndipo maso amenewo ndinawamva bwino lomwe, anali akuti tinapangana chiyani. Anapita kukakhala mpando wakumbuyo kwenikweni, ndipo tikulowa mu Nairobi anatsikira panjira, cha ku Embakasi, osatsanzika. Ine njira yonse ndinali ndi njala, koma ndinaopa kupempha.

Bambo sanabwerenso ku Umoja. Mwini golosale sanakuwenso pansi pa masitepe. Amayi anayamba kugulitsa mipando, kenako kabati, ndipo Khirisimasi isanafike tinamanga katundu kubwerera ku Dedza. Sanandifotokozere kanthu, chifukwa kwathu nkhani zotere sauza mwana, ndipo ine sindinafunse, chifukwa ndinkaona kuti yankho ndikulidziwa kale. Amalume anandichenjeza kuti ndikanena ayambana. Ine ndinanena, iwo n'kuyambana. Amalume anali atalosera zoona, ndipo amene anayatsa moto kunyumba kwathu ndinali ine, ndi pakamwa panga posasunga kanthu.

Choncho kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke, ndinang'amba tsamba pakati pa kope n'kulemba kalata ndi zilembo zanga zabwino kwambiri. Ndinailembera amalume. Ndinawapepesa kuti ndinaphwanya pangano lathu, ndinati sindidzachitanso, ndinawapempha kuti akauze bambo kuti denga lija ndi lokongola ndipo ine sindinakwiye nalo. Ndinaipinda kanayi, n'kutsika masitepe amayi asakuona, n'kuipereka kwa mwini golosale kuti amalume akadzabwera kudzatifuna adzawapatse.